Ana anayi a ku Botswana ndi botolo la 13A: mmene mankhwala amapezera chilolezo

Aliyense amene amakalandira ma ARV kuchipatala cha boma kuno ku Malawi amaidziwa nambala ya 13A. Ndi mbulu umodzi patsiku, koma m'kati mwake muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Masiku ano anthu amamwa mtima uli m'malo. Komatu mu 2018, kutatsala miyezi yowerengeka kuti boma liyambe kuchotsa anthu pa ma ARV akale a 5A n'kuwaika pa 13A, kunabwera uthenga umene unangotsala pang'ono kumanitsa azimayi ambirimbiri a mu Africa mankhwalawa.

Pa 18 Meyi chaka chimenecho, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi mabungwe oyang'anira mankhwala, la FDA la ku America ndi la EMA la ku Ulaya, anachenjeza madokotala tsiku limodzi. Nkhani inachokera ku Botswana. Mwa azimayi 426 amene anatenga pakati ali kale pa dolutegravir, 4 anabereka ana amene msana kapena ubongo wawo sunatsekeke bwino ali m'mimba. Tikawerengera, ndi ana 9 pa 1,000 alionse, pamene kwa azimayi a pa ma ARV ena vutoli linkapezeka pa mwana mmodzi yekha pa 1,000. Apa n'kuti dolutegravir ali ndi chilolezo cha FDA kuyambira mu Ogasiti 2013. Ndiye anthu anafunsa, ndipo funso lawo linali lomveka: zaka zisanu zonsezi, oyang'anira mankhwala ankayang'ana chiyani?

Yankho lili m'faelo imene kampani imapereka popempha chilolezo. Tiyeni tiitsegule, tione zimene zimakhalamo, komanso zimene sizingakhalemo ngakhale kampaniyo itakhala yoona mtima chotani.

Faelo imene imatsogola katundu asanafike pa Mwanza

Mankhwala sali ngati simenti kapena mabelo a kaunjika, oti ukalipira msonkho pa Mwanza kapena pa Songwe basi malonda ayambika. Mtundu uliwonse, wa kampani iliyonse, pa mlingo uliwonse, umalembetsedwa pawokha. Kuno ntchitoyi ili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, imene ambiri amangoti PMRA. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board imene inkayendera lamulo la 1988. Ku Zambia kuli ZAMRA, ku Zimbabwe kuli MCAZ, ku South Africa kuli SAHPRA. Chilolezo cha ku Lusaka sichigwira ntchito ku Lilongwe, ngakhale botolo ndi fakitale zikhale zomwezo.

Chimene kampani imapereka ndi mtolo wa zikalata umene a m'ntchitoyi amautcha dossier. Wa mankhwala atsopano umafika masamba masauzande ambirimbiri. Kale unkabwera pa lole, lero umatumizidwa pa kompyuta. Mpaka m'zaka za m'ma 1990 dera lililonse linali ndi kasanjidwe kakekake, moti kampani inkalemba umboni womwewo katatu, wa ku America, wa ku Ulaya ndi wa ku Japan. Mu 1990 oyang'anira mankhwala ndi makampani a madera atatuwa anayambitsa bungwe la ICH, ndipo mu Novembala 2000, ku San Diego, anagwirizana za kasanjidwe kamodzi kotchedwa Common Technical Document, mwachidule CTD. Ku Ulaya ndi ku Japan kanakhala kokakamiza mu Julaye 2003. WHO ndi mayiko a SADC anatengera komweko.

CTD ili ndi zigawo zisanu. Choyamba n'cha dziko limene mukupemphako: mafomu, ziphaso za fakitale, dzina la woimira kampani m'dzikomo, zolembedwa pa bokosi, ndi kapepala kopindapinda kaja kamene ambirife timataya tisanawerenge. Kapepala kameneka tisamakapeputse. Mawu ake onse amadutsa m'maso mwa oyang'anira mankhwala, ndipo kampani singasinthemo chiganizo popanda kuwadziwitsa. Chigawo chachiwiri ndi chidule cha zitatu zotsatirazo, cholembedwa ndi akatswiri amene amachisainira. Nkhani yeniyeni imayambira pa chachitatu.

Chachitatucho chimayankha funso looneka lachibwana: kodi m'botolomu mulidi chimene chalembedwa panjapa? Kampani imafotokoza kumene ufa weniweni wochiritsa umapangidwa (nthawi zambiri ndi fakitale ina, ya kampani inanso), kapangidwe kake, zotsalira zosafunika zimene zimadza popanga ndi malire ake, komanso zosakaniza zonse zimene sizichiritsa koma zimagwira mbulu kuti usanyenyeke kapena kutsekemeretsa mankhwala amadzi. Zosakaniza zooneka zopanda ntchitozi zapha anthu kangapo. Mu 1937 ku America, kampani ina inasungunula mankhwala opha tizilombo otchedwa sulfanilamide m'madzi otsekemera a diethylene glycol, amene amawononga impso. Anthu oposa 100 anamwalira, kuphatikizapo ana ambiri, ndipo chaka chotsatira dzikolo linaika lamulo loti kampani iziyamba yaonetsa kuti mankhwala ake savulaza isanagulitse. Patapita zaka 85, poizoni yemweyo anapezeka ku Gambia m'mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine ochokera ku India. WHO inachenjeza pa 5 Okutobala 2022. Ana pafupifupi 70 anafa impso zitaleka kugwira ntchito.

Momwemonso muli umboni wa deti lothera mphamvu lija. Silolota ayi. Amatenga mabotolo a m'magulu opangidwa nthawi zosiyana, kawirikawiri atatu, n'kuwasunga m'zipinda zotentha ndi zachinyezi, n'kumawayeza miyezi ikamapita. Mankhwala opita kumayiko otentha WHO imafuna ayesedwe pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 75 peresenti, ena n'kuikidwanso pa madigiri 40 kwa miyezi 6 kuti aone ngati amaonongeka msanga. Amene anakhalako ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala akudziwa kuti madigiri 30 kumeneko ndi tsiku labwino. Zimene zimachitika m'chipinda chosungiramo mankhwala pachipatala chaching'ono cha malata ndi nkhani ina, imene dossier singaikonze.

Chigawo chachinayi n'cha zoyesa m'labotale ndi pa nyama monga makoswe, akalulu, agalu kapena anyani. Amazipatsa mlingo waukulu kwa nthawi yaitali kuti aone chiwalo chimene chimayamba kuvulala, amapatsanso nyama zabere kuti aone ana ake. Kwa dolutegravir, ana a makoswe ndi a akalulu sanaonetse chilema.

Chachisanu n'cha anthu. Amayamba ndi anthu athanzi makumi ochepa kuti apeze mlingo, kenako odwala mazana angapo, pomaliza kafukufuku wamkulu woyerekeza mankhwala atsopano ndi amene alipo kale, mochita maere kuti wofufuza asasankhe yekha woti amwe chiyani. Pamene FDA inkavomereza dolutegravir, umboni wa akuluakulu unachokera pa anthu 2,539 a m'makafukufuku anayi. Nambala imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Botolo la 13A silichokera ku ViiV Healthcare, eni ake a dolutegravir. Mu 2014 kampaniyi inapereka ufulu kudzera ku bungwe la Medicines Patent Pool kuti makampani ena azipanga mankhwalawa motchipa pogulitsa kumayiko osauka. Mu 2017 makampani a Mylan ndi Aurobindo analandira chivomerezo cha FDA cha mbulu wa mankhwala atatu uja, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kunalengezedwa mtengo wa madola pafupifupi 75 pa munthu pachaka. Opanga mankhwala otengera ngati amenewa, a generic, sabwereza kafukufuku wa anthu masauzande. Kungakhale kuwononga ndalama ndi kuvutitsa odwala pa funso loyankhidwa kale. Iwo amadzaza chigawo chachitatu chonse, ndipo m'malo mwa chachinayi ndi chachisanu amaonetsa chinthu chimodzi: kuti mbulu wawo umalowa m'magazi mofanana ndi wa eni ake. Amatenga anthu athanzi makumi angapo, lero amwe wa kampani iyi, pakapita masiku amwe wa eni ake, uku akuwatenga magazi maola osiyanasiyana. Zotsatira ziyenera kugwera pakati pa 80 ndi 125 peresenti ya za eni ake. Ena akamva zimenezi amayesa kuti mbulu wa generic umaloledwa kuperewera ndi 20 peresenti. Sichoncho. M'malire amenewo muyenera kukwana ndi kukayikira konse kwa masamu a kafukufukuyo, ndiye kuti mbulu udutse, kusiyana kwenikweni kumayenera kukhala kochepa ndithu.

Koma zolemba aliyense angathe kulemba. N'chifukwa chake oyendera amapita okha kufakitale ndi kumalo kumene anayezera magazi aja, kukafunsa zimene makina anatulutsa zisanakopedwe ndi munthu. Mu 2004 WHO inachotsa pa mndandanda wake wa mankhwala ovomerezeka ma ARV angapo a makampani a Cipla ndi Ranbaxy itapeza kuti zolemba za kafukufuku woyerekezayo zinali zosadalirika, ndipo anabwererapo makampaniwo atabweretsa umboni watsopano. Mu 2013 Ranbaxy inavomera milandu ku America n'kulipira madola 500 miliyoni.

Bungwe ngati PMRA silingatumize anthu kufakitale iliyonse ya ku Hyderabad, ku India, ndiye mayiko amadalirana. Kuyambira mu 2001 WHO imaunika yokha mankhwala a HIV, TB ndi malungo amene mabungwe othandiza amagula, ndipo dziko limene lavomera kugwiritsa ntchito malipoti ake limalonjeza kuyankha kampani pasanathe masiku 90. Mu 2013 Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anayamba kuunikira limodzi mafaelo, dzina loti ZAZIBONA n'kuchokera pa zilembo zoyamba za mayikowa. Malawi ndi mayiko ena a SADC analowamo pambuyo pake. Pangano lokhazikitsa African Medicines Agency, bungwe loyang'anira mankhwala la Africa yonse limene likulu lake lili ku Kigali, linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021. Chidindo chomaliza chokha chimakhalabe cha dziko lililonse.

Zimene anthu 2,539 sangaonetse

Pali masamu osavuta amene a ntchitoyi amayendera. Ngati vuto limagwera munthu mmodzi pa 1,000, pamafunika anthu pafupifupi 3,000 kuti mukhale ndi chiyembekezo chokwanira choliona ngakhale kamodzi kokha. La mmodzi pa 10,000 limafuna anthu 30,000. Ndipo kuliona kamodzi sindiye kuti mwalizindikira, poti anthu amadwala ndi kufa ngakhale osamwa kalikonse. Kafukufuku wa anthu 2,539 amagwira bwinobwino mutu, nseru ndi kusowa tulo. Zosowa amaziphonya.

Chachiwiri ndi amene amaloledwa kulowa m'kafukufuku. Okalamba kwambiri, odwala impso, amene ali pa mankhwala a TB ndi ana aang'ono kawirikawiri amasiyidwa panja. Oyembekezera ndiye sayandikira n'komwe. Mayi amayezedwa asanalembedwe, amalonjeza kulera, ndipo akapezeka ndi pakati amamuimitsa mankhwalawo.

Mantha amenewa anayamba ndi thalidomide. Kampani ya Chemie Grünenthal ya ku West Germany inayamba kumugulitsa mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa, ndipo azimayi ambiri ankamwa pothetsa nseru ya pakati pongoyamba kumene. Ana oposa 10,000 m'mayiko oposa 40 anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Gwero lake linadziwika kumapeto kwa 1961, madokotala Widukind Lenz wa ku Germany ndi William McBride wa ku Australia atalumikiza nkhani za ana osiyanasiyana. America inapulumuka kwakukulu chifukwa Frances Kelsey, wounika wa FDA amene analandira faeloyo mu 1960, anakana kusaina n'kumangopempha umboni wina. Pafupifupi zonse zimene tikukamba pano zinabadwa pa tsoka limeneli: lamulo la ku America la 1962 lofuna umboni woti mankhwala amachizadi, makadi achikasu a ku Britain olemberapo zovuta za mankhwala mu 1964, ndi ndondomeko ya WHO yosonkhanitsa malipoti imene inayamba mu 1968 ndi mayiko 10. Kuyambira mu 1978 malipotiwa amasungidwa ku Uppsala, ku Sweden, ndipo nkhokwe yake ya VigiBase inapyola kale malipoti 30 miliyoni.

Panabadwanso china chosayembekezereka. Mu 1977 FDA inalangiza kuti azimayi oti angathe kutenga pakati asamalowe m'magawo oyambirira a kafukufuku. Malangizowa anachotsedwa mu 1993, koma chizolowezi chinatsala. Zotsatira zake n'zakuti oyembekezera oyamba kumwa mankhwala atsopano amamwa kunja kwa kafukufuku, kopanda wowawerenga. Kwa ma ARV ku Africa kuno nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa ambiri mwa amene amamwa ndi azimayi, ndipo kuno ku Malawi kuyambira mu Julaye 2011 mayi aliyense wopezeka ndi kachilombo kusikelo amayamba mankhwala a moyo wonse pomwepo.

Pambuyo pa chidindo

Ntchito yolondoloza mankhwala akalowa pamsika imatchedwa pharmacovigilance, ndipo kampani imailonjeza m'dossier momwemo. Imapereka pulani yosonyeza zovuta zodziwika, zokayikitsa, ndi mndandanda wa zimene sizikudziwika, pamene mawu oti “oyembekezera” amapezeka pafupifupi nthawi zonse. Ku Ulaya kampani iliyonse imayenera kukhala ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene amayankha za chitetezo cha mankhwala ake usana ndi usiku. Vuto lalikulu, kutanthauza imfa, kutsala pang'ono kufa, kugonekedwa m'chipatala, kulumala kapena chilema chobadwa nacho, kampani iyenera kulifikitsa kwa oyang'anira pasanathe masiku 15 chilimvereni. Laling'ono limapatsidwa masiku 90. Pamwamba pa apo pali lipoti lalikulu lounikanso ubwino ndi kuipa kwa mankhwalawo, miyezi 6 iliyonse pa zaka ziwiri zoyambirira, kenako chaka ndi chaka, kenako pa zaka zitatu zilizonse. Achibale athu a ku Britain aonapo kachizindikiro kakuda ka ngodya zitatu kozondoka pa kapepala ka m'bokosi. Kamatanthauza kuti mankhwalawo akadali m'maso mwa oyang'anira.

Koma zonsezi zimadalira munthu mmodzi wa pachipatala kutenga fomu n'kulemba. Lipoti lovomerezeka limangofuna zinthu zinayi: wodwala wodziwika (zilembo zoyamba za dzina, zaka, mwamuna kapena mkazi n'zokwanira), mankhwala amene akukayikiridwa, chimene chachitika, ndi wolembayo. Safunika kutsimikiza kuti mankhwalawo ndi amene achititsa. Kukayikira kokha n'kokwanira, kusanthula ndi ntchito ya ena. Ngakhale zili choncho, ofufuza ena amene mu 2006 anaphatikiza makafukufuku 37 a m'mayiko 12 anapeza kuti mwa zovuta 100 zoyenera kulembedwa, pafupifupi 94 sizilembedwa. Ngati zili tero kumene madokotala ndi ambiri, kuli bwanji namwino amene mzere wake wafika pamtengo wa panja? Odwala nawonso amangopirira. Amene anayamba ma ARV cha m'ma 2004 pa 1A akukumbukira stavudine, mmodzi mwa mankhwala a m'mbulu umenewo: mapazi kuyaka moto, dzanzi, masaya kulowa mpaka anthu kumaloza pamsewu. Ambiri ankangoti walira mvula walira matope. Mawuwa anali oona pamene panalibe mankhwala ena, koma matope osalembedwa pa fomu safika ku Lilongwe, ndipo safika ku Uppsala.

Mafomu otere ali ndi chilema chinanso. Azamba anayi a m'zipatala zinayi atalemba aliyense za mwana mmodzi wa msana wotseguka, palibe angadziwe kuti anayiwo ndi mwa azimayi angati. Ana otere amabadwa ngakhale kwa mayi wosamwa kanthu. Apa m'pamene Botswana inasiyana ndi mayiko ena. Kuyambira mu Ogasiti 2014 kunali kafukufuku wotchedwa Tsepamo, wa Botswana Harvard AIDS Institute Partnership, ndipo mmodzi mwa omutsogolera anali Dr Rebecca Zash. M'zipatala 8 za boma, mmene munkabadwira pafupifupi theka la ana onse a m'dzikolo, azamba ankayang'ana thupi la mwana aliyense wobadwa, wamoyo ndi wopitirira yemwe, mayi ake akhale ndi kachilombo kapena ayi. Akaona chachilendo, mwanayo ankajambulidwa mayi ake atalola, chithunzi n'kupita kwa katswiri amene sankauzidwa mankhwala amene mayiyo ankamwa. Chodabwitsa n'chakuti Tsepamo anakhazikitsidwa pofuna kulondoloza efavirenz, wa mu 5A, amene ankakayikiridwa pa vuto lomweli. Botswana itasamukira ku dolutegravir mu 2016, ukonde unali utatchedwa kale, n'kukola nsomba imene sankaiyembekezera.

Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Ndiye kunena kuti “akapezeka ndi pakati timusintha” sikukanathandiza. Mayiko ambiri anangoletsa azimayi onse a msinkhu wobereka. Malawi itayamba 13A mu Januwale 2019, inayamba ndi amuna ndi azimayi amene anapyola msinkhu wobereka. Eni nkhani sanakhale chete. Mu Julaye 2018, azimayi 39 amene ali ndi kachilombo, ochokera m'mayiko 18, anakumana ku Kigali n'kunena kuti asamawasankhire. Awauze zoona, awapatse njira zolerera, asankhe okha. Mfundo yawo inali yolimba. Efavirenz amabweretsa chizungulire ndi maloto oipa, ndipo m'mayiko angapo kachilombo kanali katayamba kumupirira mwa anthu oposa 10 pa 100 alionse oyamba mankhwala. Dolutegravir amatsitsa kachilombo msanga ndipo kachilomboko sikamuzolowera wamba. Kumumana mayi ndi kumuikanso pa ngozi ina, iye ndi mwana yemwe.

Azamba anapitiriza kuwerenga, zipatala n'kuwonjezeredwa kufika 18. Mu 2019 ana a vutoli anali 5 mwa 1,683, kutanthauza atatu pa 1,000, ndipo mu Julaye chaka chimenecho WHO inati dolutegravir apatsidwe kwa onse, oyembekezera ndi a msinkhu wobereka omwe. Mu 2020 anali 7 mwa 3,591. Pofika mu 2022 anali 10 mwa 9,460, mwana mmodzi pa 1,000, chimodzimodzi ndi azimayi a pa ma ARV ena. Zikuoneka kuti ana anayi oyamba aja anangopezana pamodzi mwangozi, monga zimachitikira nambala zikakhala zochepa.

Kodi ndiye kuti chenjezo lija linali lolakwika? Ine ndikuti ayi. Ana 4 mwa 426 si chinthu choti wofufuza angasunge m'dirowa kudikira kuti atsimikize, ndipo zikanakhala zoona, chaka chimodzi chokhala chete chikanalumaza ana ambiri. Cholakwika chinali kusandutsa chenjezo kukhala chiletso cha onse, osafunsa amene ankamwawo.

Sikuti kukayikira konse kumathera pabwino chotere. Fansidar atayamba kulephera, kampani ya GlaxoSmithKline, University of Liverpool ndi WHO anapanga mankhwala otchipa a malungo otchedwa Lapdap, ophatikiza chlorproguanil ndi dapsone, ndipo ena mwa ana amene anawayesera anali a ku Blantyre. Bungwe loyang'anira mankhwala la MHRA la ku Britain linawavomereza mu 2003. Chizindikiro chinalipo kale m'zotsatira zoyambirira, poti ana ena magazi ankawachepera kuposa anzawo a pa Fansidar. Dapsone amaswa maselo ofiira a magazi mwa anthu obadwa ndi kuchepa kwa G6PD (chinthu chimene chimateteza maselowo), chibadwa chofala mu Africa makamaka kwa amuna, chimene chipatala cha kumudzi sichingayeze. Makafukufuku otsatira, ophatikiza Lapdap ndi mankhwala ena a malungo a artesunate, anaonetsa poyera kuti ana otere ankatha magazi moopsa. Mu Febuluwale 2008 kampani inachotsa Lapdap pamsika, zaka zisanu zisanakwane chilandirire chilolezo.

Faelo ya dolutegravir nayo sinatsekedwe. Mu 2019 kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg ndi wa NAMSAL ku Cameroon anaonetsa kuti anthu a pa dolutegravir amanenepa kuposa a pa efavirenz, makamaka azimayi, ndipo madokotala akulondolozabe tanthauzo lake pa shuga ndi BP zaka zikamapita.

Chimene chinasintha chikuoneka pa jakisoni wa lenacapavir, woteteza ku HIV, wobaya kawiri pachaka. Mu kafukufuku wa PURPOSE 1 ku South Africa ndi ku Uganda, wa atsikana ndi azimayi oposa 5,000, wotenga pakati sankachotsedwa. Ankafunsidwanso ngati akufuna kupitiriza. Zotsatira zitatuluka mu 2024, mwa 2,134 amene anabayidwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo, ndipo kafukufukuyo anali atalemba mimba 510, mwa izo 193 za azimayi a pa jakisoniyo. FDA inavomereza mu Juni 2025, faelo ili ndi umboni wa oyembekezera umene ya dolutegravir inalibe mu 2013. Komabe pa masamu aja, kuti aone chilema cha mwana mmodzi pa 1,000 pakufunika mimba pafupifupi 3,000. Zotsalazo adzaziwerenga ndi azamba m'zipinda zochirira.